Bangkok: ndinapita kukaona golide, mtima unakatsala pa ngolo ya nsomba

Ambiri mwakhala mukundifunsa za ulendo wa ku Thailand uja, ena pa WhatsApp ena tikakumana ku tchalitchi, ndipo ndimangoti ndidzakuuzani bwinobwino chifukwa si nkhani yoti munthu ungaimalize utaima pa geti. Nde lero ndati ndikhale pansi ndilembe.

Ulendowu unabwera chifukwa cha asisi anga. Iwowa amapanga geni ya zovala, ali ndi kashopu kawo mu Lilongwe momuno, ndipo kwa zaka zingapo akhala akupita kukaoda katundu kunja, pena ku Dar, pena ku China, pena ku Bangkok. Ine ndinali ndisanatulukepo mu Africa. Anandiuza mu Januwale kuti iwe ukapeza ya tikiti ndi visa, pogona tikagonera limodzi, ndipo ndinasungadi mwezi ndi mwezi, za ku banki m'khonde zonse ndinazilozetsa kumeneko. Mu Novembala tinanyamuka. Iwo amapita ku ntchito, ine ndimapita kukaona dziko basi, ndipo ndinawauziratu kuti asisi, tsiku limodzi lokha ndikuperekezani ku msika, masiku enawo mundisiye ndiyende.

Tinakwera Ethiopian pa KIA, kukasintha ndege ku Addis Ababa, kenako maola pafupifupi 9 tili m'mwamba mpaka kukatera pa eyapoti ya Suvarnabhumi. Wotchi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 5, ndiye kuti inu mukamadzuka 6 koloko kuno iwo ali pafupi kudya nkhomaliro. Kuchoka pa eyapoti pali sitima yolowera mtauni, tinakwera imeneyo nkukatsika pa siteshoni ya Ratchaprarop pafupi ndi kumene timagona. Mu eyapoti ndi mu sitima monse muli kuzizira kwa makina nde sudziwa kuti kunja kuli bwanji, ndinadzadziwa zitseko zitatseguka. Abale inu. Ine ndinakhalapo ku Nchalo mu Okutobala, kutentha ndimakudziwa, koma uku nkwina. Kwa ku chigwa cha Shire kumakuwotcha, uku kumakunyowetsa, mpweya wake uli ngati nthunzi imene imakumenya kumaso ukavundukula mphika wa nyemba, ndipo thukuta silimauma, ukasamba nkuvala malaya oyera pakutha pa mphindi khumi ali nenene kumsana. Ndipo eni ake amati Novembala ndi nthawi imene kwayamba kuzizirako, kutentha kwenikweni ndi mu Epulo.

Kukula kwa mzindawu nkovuta kukufotokoza. Ukaphatikiza ndi matauni ozungulira, anthu ake amaposa 10 miliyoni, pafupifupi theka la Amalawi tonse titaunjikana malo amodzi. Msewu uli pansi, pamwamba pake pali msewu wina, pamwamba pa wina pali njanji ya sitima ya BTS imene inayamba kuyenda mu 1999, pansi pa nthaka palinso sitima ina, mawaya a magetsi ndi a intaneti atapiringizana pa mapolo ngati zisa. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, izi zinandithandiza podutsa msewu, koma jamu yake ndi yoti mutha kukhala pa maloboti amodzi mpaka dalaivala kutulutsa chakudya nkuyamba kudya. Akabaza a njinga zamoto aliko ambiri, kungoti onse amavala majekete a olenji okhala ndi nambala kumsana ndipo aliyense ali ndi siteji yake pakhomo pa timisewu ting'onoting'ono timene amati soi. Komanso eni ake satchula Bangkok akamalankhula okhaokha, amati Krung Thep, kutanthauza mzinda wa angelo. Pa risiti ya mu shopu ya 7-Eleven ndinaona chaka cholembedwa chosagwirizana ndi chathu, asisi anandiuza kuti kalendala yawo ndi ya chiBuddha, ili patsogolo ndi zaka 543.

Tsiku loyamba kuyenda ndekha ndinalunjika ku Grand Palace, nyumba yachifumu yakale, chifukwa zithunzi zake ndi zimene zinandipangitsa kusunga ndalama chaka chonse. Ndipo ndi tsiku lomwelo limene ndinakumana ndi chinthu chimene chinandiwawa. Ndili pafupi kufika, bambo wina wovala bwino, malaya opisira, Chingerezi chabwino, anandiimitsa mwaulemu nkundifunsa kumene ndachokera, kenako anati pepani lero kunyumba yachifumu nkotseka mpaka masana kuli mwambo, koma pali kachisi wina wokongola amene amatsegula lero lokha, tuk-tuk iyi ikuperekezani motchipa. Ine kwathu munthu wamkulu akakulangiza njira umathokoza, nde ndinakwera. Kachisi tinafikadi, kakang'ono, mphindi zisanu, kenako dalaivala anakandisiya pa shopu ya miyala ya mtengo wapatali, nditakana kugula anakandisiyanso pa shopu ya matelala osoka masuti, ndipo nkhope yake inali itasintha. Sindinagule kanthu ndipo palibe anandibera, koma maola awiri anapita, ndipo nditabwerera ndinapeza geti lili pululu anthu akulowa, malowo sanatsekedwe ndi pang'ono pomwe. Chinandipweteka si nthawiyo kwenikweni, koma kuti anagwiritsa ntchito ulemu wanga. Nde mukadzapita, munthu akadzakuuzani panja kuti kwatsekedwa, kafikeni nokha pa geti mukaone ndi maso anu.

Mkatimo, eee. Alendo timalipira 500 baht, ndalama ya kumeneko, ndipo amaonetsetsa kuti wavala zobisa mawondo ndi mapewa, ine ndinali mu diresi yanga yachitenje yaitali nde ndinangodutsa pamene azungu ena amabwezedwa kukagula mathalauza panja. Malowa anayamba kumangidwa mu 1782 ndi mfumu Rama I. Likulu lawo lakale linali Ayutthaya, kumtunda kwa mtsinje, limene asilikali a ku Burma analiwononga mu 1767, kenako mfumu Taksin inakhazikitsa likulu ku Thonburi, ndipo Rama I ndi amene anawolotsa likululo kubwera tsidya lino. Banja lomwelo ndi limene lili pa ufumu mpaka lero, pano ndi Rama X. Ndipo dziko limeneli silinalamulidwepo ndi atsamunda, chinthu chimene ndinkachiganizira kwambiri ndikuyenda mmenemo, kuti anthu awa zinthu zawo anazisunga okha mmene amafunira.

Golide ali paliponse, nsanja zosongoka zonyezimira moti dzuwa likawomba maso amachita kuwawa, makoma omatidwa timagalasi tamitundumitundu, ziboliboli za zimphona zolondera pakhomo. Koma chimene anthu onse amadzera ndi chaching'ono, chifaniziro cha Buddha chobiriwira cha mu kachisi wa Wat Phra Kaew, chotalika masentimita 66 okha, chosemedwa pa mwala, chili pamwamba patali. Amachisintha zovala katatu pa chaka, za nyengo yotentha, ya mvula ndi yozizira, ndipo ndi ntchito ya mfumu. Umavula nsapato panja, zithunzi sajambula, ndipo ukakhala pansi suyenera kulozetsa mapazi ku chifanizirocho, nde umapinda miyendo chammbali. Ndinaona alendo ena akuvutika nako kakhalidwe kameneka pamene kwa ine ndi mmene agogo anatiphunzitsira kukhala pa mphasa pamaso pa akuluakulu. Ine ndine mkhristu, sindinapemphere mmenemo, koma ndinakhala chete kwa kanthawi pakati pa anthu amene amapemphera ndi mtima wonse, ndipo ndinawalemekeza.

Chapafupi pomwepo pali Wat Pho, kumene kuli Buddha wogona, mamita 46 mulitali, 15 kupita m'mwamba, wokutidwa ndi golide, moti sakwana pa chithunzi chimodzi olo utayesa bwanji. Kuseri kwake kuli mbale zachitsulo 108 zondandalikidwa ndipo anthu amaponya kakobiri m'mbale iliyonse, nde nyumba yonse imangomveka ngwe ngwe ngwe osalekeza. Tsiku lina ndinakaonanso wa ku Wat Traimit kufupi ndi Chinatown, ameneyo ndi golide weniweni matani 5.5, amene kwa zaka zambiri anali atamatidwa pulasitala ndipo anthu sankadziwa, mpaka mu 1955 akumusamutsa anagwa pulasitala nkusweka golide nkuonekera. Zonsezi ndinaziona ndipo sindikudandaula olo 1 baht imene ndinalipira. Koma ndikuuzeni zoona, pofika tsiku lachitatu golide anali atandikwana, maso anali atazolowera.

Chimene sichinandikwane ndi mtsinje. Chao Phraya amadutsa pakati pa mzinda, wotakata, madzi ake a bulauni, namasupuni akuyandama ngati mu Shire ku Liwonde. Ndipo ndi msewu weniweni, pali maboti amene amagwira ntchito ngati maminibasi, ine ndimakwera a mbendera ya olenji, otchipa kwambiri, mmene mumakwera ana asukulu, amayi ochokera ku msika, amonke ovala nsalu zawo za olenji, aliyense. Boti likamafika pokwerera mnyamata wakumbuyo amaliza wenzulo kumuuza woyendetsa kuti bwerera, ima, tiye, amadumpha nkukoleka chingwe, anthu kutsika ena kukwera, masekondi ochepa basi lanyamuka. Kondakitala amayenda ndi kachitini kachitsulo kautali akukagwedeza kuti tchaka tchaka kuti mudziwe kuti wafika. Pamadzipo kumawomba kamphepo, jamu kulibe, ukuona makachisi mbali iyi, mahotela aatali mbali iyo, nyumba zamatabwa zoima pa mitengo m'madzi, mabwato akuluakulu a katundu atamangidwa mondondozana akukokedwa ndi kaboti kamodzi kakang'ono. Ndinkakwera pa doko la Sathorn nkupita kutali popanda kumene ndikupita, nkubwereranso. Madzulo ena ndinawoloka kupita ku Wat Arun, nsanja imene ukakhala patali imaoneka ngati yosemedwa, koma ukayandikira umapeza kuti maluwa onsewo anawapanga ndi zidutswa za mbale zadothi za ku China.

Tsopano nkhani imene ndimafuna kukuuzani kwenikweni ndi iyi. Mu soi imene timagona, dzuwa likangopendeka, mmbali mwa msewu mumadzaza ngolo za zakudya. Aliyense ali ndi ngolo yake yokankha, mbaula kapena gasi, timatebulo topinda ndi timipando tapulasitiki, ndipo aliyense amaphika chinthu chimodzi kapena ziwiri basi, uyu supu, uyu mpunga ndi nkhuku, uyu zipatso zosendasenda pa ayezi, uyu ziwala ndi tizilombo tina tokazinga timene alendo ena amangotijambula koma ine ndinagula ndithu chifukwa munthu wokulira pa ngumbi ndi bwannoni ungaope chiyani. Usiku wachiwiri ndikudutsa ndinamva fungo la nsomba yowotcha pa makala, fungo la ku Salima lenileni, ndinaima. Panali mayi wina wa zaka ngati za amayi anga, ali ndi epuloni ndi kachipewa, akutembenuza nsomba zazikuluzikulu zoyera mbuu ndi mchere, mkamwa mwake atazitsindira udzu wonunkhira uja timathira mu tiyi. Ndinayang'anitsitsa mutu wake ndi zipsepse, ndinati ayi, ichi ndi chambo.

Si chambo chathu cha m'nyanja kwenikweni koma ndi pachibale, mtundu umodzi, tilapia ya ku Nile. Iwo amati pla nin. Ndipo nsomba imeneyi kwawo ndi ku Africa konkuno, inafika ku Thailand mu 1965 ngati mphatso, Akihito wa ku Japan amene nthawi imeneyo anali asanakhale mfumu anapereka kwa mfumu ya Thailand Bhumibol, iyo inaziweta m'maiwe a kunyumba yachifumu nkuyamba kugawira alimi, lero ndi nsomba ya munthu wamba dziko lonse. Ndinaganiza kuti taonani, nsomba ya kwathu inabwera kuno kalekale ine ndisanabadwe, ndipo ikudyetsa mabanja.

Ndinaloza imodzi nkukhala pa kampando. Mayi aja anaidula chammbali nkuvundukula chikopa chonse pamodzi ndi mcherewo ngati chivindikiro, mkatimo mnofu woyera wofewa ukutuluka nthunzi, osati wouma ayi, mchere uja umatsekera madzi mkati. Anandipatsa masamba aawisi, kambale ka tsabola wosinja ndi adyo ndi mandimu, ndi kadengu kakang'ono ka mpunga womata. Tsabola wake kambuzi achepa, misozi inatuluka koma sindinasiye. Mwana wawo wamkazi pambali amasinja som tam mu kamtondo, papaya losapsa lopalapala, tomato, mtedza, mandimu, tsabola, phokoso lake pok pok pok ngati kwathu akamasinja nsinjiro. Anandibweretsera supuni ndi foloko, koma ndinaona bambo wa tebulo linalo akutema mpunga uja ndi dzanja, kuumba kambamu nkususa, nde nanenso ndinasamba m'manja nkuyamba kudya ngati nsima. Mayi aja atandiona anasiya nsomba pa moto, anaitana mwana wawo kuti taona, onse kusekerera, nkundikwezera chala chachikulu. Mwanayo amadziwako Chingerezi pang'ono, anandiuza kuti umu ndi mmene amadyera kwawo ku Isan, kumpoto chakummawa kwa dzikolo, dera la alimi kumene kumachokera anthu ambiri ogulitsa zakudya, oyendetsa matakisi ndi omanga nyumba mu Bangkok. Anati amayi ake anabwera mtauni iye ali wamng'ono, ndipo ngolo imeneyi ndi imene ikumulipirira sukulu.

Apa ndi pamene pakhosi panga panatsekeka. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ife tinaphunzira ndi ndalama ya usipa ndi mandasi. Amayi ankadzuka 3 koloko kukazinga, kenako beseni pamutu ulendo wa mtauni, ndipo kangapo konse anabwera kunyumba beseni lilibe kanthu osati chifukwa zatha koma chifukwa athamangitsidwa katundu nkutayika, tsiku lina anabwera bondo likutuluka magazi. Ndipo ine ndili ku sekondale ndinkachita manyazi anzanga akafunsa kuti amayi ako amagwira ntchito yanji, ndinkangoti amapanga bizinesi. Nde ndili pa kampando kaja ndinaona abambo a mataye atatsika mu maofesi aatali aja, atsikana a mayunifomu a ku banki, wina mpaka anaimika galimoto ya mtengo wapatali, onse ataima pa mzere kudikira nsomba ya mayi ameneyu, akamalandira amaweramitsa mutu nkuthokoza. Palibe amene amamuona ngati zinyalala za mumsewu. Sindikunena kuti kumeneko mavenda ali pa mtendere, mwana uja anandiuza kuti nawonso anachotsedwapo pa msewu waukulu pamene ankagulitsa kale ndipo m'misewu yambiri ngolo zinaletsedwa. Ndipo ntchitoyo ndi yowawa, kuima pa makala mu kutentha kumene kuja mpaka pakati pa usiku. Koma mzinda wonsewo umadya m'manja mwa amayi ngati amenewa ndipo umadziwa kuti ukudya m'manja mwawo.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya changa chamadzulo chinali pamenepo. Asisi amati iwe mzinda wonsewu zakudya mbwee ukungokakamira nsomba imodzimodzi, ndinkayesako zina masana, mpunga wa mango wothira mkaka wa kokonati ndinaukonda kwambiri, chipatso chotchedwa durian ndinalawa kamodzi fungo lake linandikanika ndipo ndinamvetsa chifukwa chake amaletsa kulowa nacho mu sitima ndi m'mahotela. Koma madzulo ndimabwerera kwa mayi aja. Sitimamvana chilankhulo, ine mawu anga anali awiri, sawasdee ka popereka moni ndi khop khun ka pothokoza, koma amati akandiona ndikutulukira pa kona amayamba kale kupukuta kampando.

Tsiku la ku msika ndi asisi linali la Pratunam, dzinalo limatanthauza chipata cha madzi. Tinadzuka kusanache chifukwa maoda abwino amakhala mmamawa. Tinjira take ndi topanikiza, zovala kuchokera pansi mpaka kudenga, anyamata okankha mabelo akukuwa kuti muwapatse njira, ndipo mtengo mumakambirana pa kakyuleta, wogulitsa alemba nambala, asisi afufuta alemba yawo, mpaka mugwirizane, ukatenga zitatu kupita mtsogolo mtengo umatsika. Ndinamva Chiswahili mmenemo, ndinamva anthu a ku West Africa, amayi anzathu ambirimbiri ndi zikwama zikuluzikulu. Ndinawaona asisi anga mwatsopano tsiku limenelo, mmene amagwirira nsalu nkudziwa pompo kuti iyi ikachapidwa kawiri yatha, mmene amawerengera za kasitomu ndi za ndege m'mutu asanavomere mtengo. Ife timangoona zovala zili pa hang'ala mu shopu, sitidziwa kuti munthu waima maola 7 osakhala pansi.

Za khungu ena munandifunsa. Kuyang'anidwa kulipo, makamaka ukachoka malo a alendo, ndipo kawiri takisi yopanda munthu inandidutsa nkukaima kwa mzungu patsogolo panga, zinandikhudza sindiname. Koma anthu ochuluka anali aulemu, ena kundiperekeza mpaka pa siteshoni ndikasochera. Malawi sakuidziwa, ukati Malawi amati Malaysia, ena Mali, nde ndimatsegula mapu pa foni nkuwaonetsa nyanja yathu.

Mvula inatipeza kamodzi, ya kumapeto kwa nyengo yake. Kumwamba kunada bii cha mma 4 koloko, kenako inakhuthuka ngati wina wapendeketsa mgolo, pakutha pa theka la ola madzi mu soi anali mu akakolo. Mzindawu uli pa chidikha, mita imodzi ndi theka yokha pamwamba pa nyanja, pa dothi lofewa, ndipo ukumira pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera kwa nyumba ndi madzi a pansi amene anapopedwa kwa zaka zambiri. Kale unali mzinda wa ngalande zimene amati khlong, zambiri anazikwirira nkupanga misewu, nde madzi amasowa kolowera. Mu 2011 kunasefukira koopsa madera ena anakhala m'madzi kwa masabata. Mukaona mashopu ali ndi kakhoma kakang'ono pakhomo kapena matumba a mchenga pambali, chifukwa chake nchimenecho. Tsiku limenelo ndinaganiza kuti mayi aja sabwera, koma mvula itangokata ndinawapeza atavala majombo, ngolo ataikweza pa njerwa, makala akuyaka.

Ku Lumpini Park ndinakaonako ng'azi zikuluzikulu zikungoyenda pa kapinga pakati pa anthu othamanga, palibe wozigenda. Ndili komweko inakwana 6 koloko madzulo, nyimbo ya fuko inayamba kumveka pa zimkuzamawu ndipo aliyense anaima chilili pomwe anali, othamanga, ana, agogo, mpaka inatha, amatero 8 koloko mmawa ndi 6 madzulo tsiku lililonse. Asisi anali atandichenjeza kale kuti za mfumu usayankhulepo kalikonse, lamulo lake ndi lolimba anthu amamangidwa, olo ndalama ikagwa osaiponda chifukwa pali nkhope ya mfumu. Chinanso chimene ndinkachiona paliponse, pa hotela, pa banki, pa nyumba za anthu, ndi tinyumba ting'onoting'ono toikidwa pa chipilala, ta mizimu ya pamalopo, pali maluwa, zofukiza, mpunga, ndi botolo la Fanta wofiira ataikamo kale sitiro. Ndinakumbuka agogo akutifotokozera za kachisi wa kumudzi kumene ankathira nsembe mvula ikavuta, kungoti uku zili pakati pa tauni pafupi ndi nyumba ya magalasi ndipo palibe akubisa.

Usiku wathu womaliza unakumana ndi Loy Krathong, mwambo wa mwezi ukakhala wathunthu umene kawirikawiri umagwa mu Novembala. Anthu amadula thunthu la nthochi mozungulira, kulikongoletsa ndi masamba a nthochi opindapinda, maluwa, kandulo ndi zofukiza, nkukaliyandamitsa pa mtsinje kapena pa dziwe, kuthokoza madzi ndi kuwapepesa chifukwa chowadetsa chaka chonse. Ndinapita kumtsinje, anthu anali pikitipikiti, mabanja athunthu, aliyense amanyamula kake kufika pa chipumi, kutseka maso kaye, nkukaika pamadzi. Timagetsi ta makandulo tinadzaza mtsinje kutsetsereka kumunsi. Ine sindinayandamitse, ndinangoima pambali nkumaonerera, ndipo ndinaganiza za mtsinje wa Lilongwe pa mlatho paja mmene umaonekera ndi majumbo ndi mabotolo.

Pobwerera ndinadzera kwa mayi aja kukatsanzika. Tsiku limenelo pambali pa nsomba anali atayalanso ma krathong, toyandamitsa ta nthochi tija, amene mwana wawo anapanga masana, atatsala atatu okha. Ndinamuuza mwanayo kuti mawa ndikupita kwathu, anawauza amayi ake, iwo anapukuta manja pa epuloni nkundigwira mkono, kenako anati Ma-la-wi, bwinobwino, osati Malaysia. Anandisankhira nsomba yaikulu ndipo anawonjezera kadengu kena ka mpunga, nditafuna kulipira kampungako anakana. Ndinawaonetsa chithunzi cha amayi pa foni, ndinamuuza mwanayo kuti awauze kuti awanso amagulitsa nsomba, anachiyang'ana nthawi yaitali nkugwedeza mutu.

Nditafika kuchipinda inali 11 koloko usiku, kwathu 6 madzulo, asisi ali kalikiliki kukhalira masutikesi kuti atsekeke. Ndinaimbira amayi pa WhatsApp nkuwatumizira chithunzi cha nsomba ija ili pa makala. Ndinayamba kuwafotokozera za nyumba yachifumu, za Buddha wa golide matani 5.5, za makandulo pa mtsinje, iwo amangoti eya, eya. Kenako anati, "Iwe, chambo chachikulu chonchi akugulitsa zingati kumeneko?" Ndinawauza kuti 180 baht pamodzi ndi masamba ndi tsabola. Anakhala kaye chete akuwerengera, kenako anandifunsa kuti nanga makala amagula bwanji.